Ampulifaya ikayamba kung'ung'uza, yang'anani makapasita

M'matchalitchi ambiri a kumudzi muli phokoso lina limene tinalizolowera mpaka tinasiya kulimva. Mdikoni akangoyatsa ampulifaya Sabata m'mawa, munthu asanagwire n'komwe maikolofoni, masipika amayamba kung'ung'uza chapansipansi ngati muli njuchi kudenga. Nyimbo ikayamba, phokosolo limabisala, koma nthawi ya pemphero limatulukiranso. Pakapita miyezi limakula, mawu a mlaliki amayamba kusasa akangokweza pang'ono, ndipo tsiku lina nkhani imafika ku bodi ya mpingo yakuti chipangizochi chatha, tigule china. Kwathu ku Mwenilondo, kummwera kwa boma la Karonga, ndalama yogulira china ndi yomweyo imene ikanagula malata kapena simenti, ndipo imachokera m'matumba a mpunga amene anthu avutikira chaka chonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri chimene chatopa m'bokosi lonselo ndi tizitini tiwiri tokha, totchedwa makapasita, timene munthu wodziwa angathe kutisintha masana amodzi.

Vuto lomweli lili m'nyumba zathu. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi pa Theba, kufikira ulendowo utatha mu 1988, komanso amene anagwira ntchito ku migodi ya ku Zambia ndi ku Zimbabwe, ankabwerako ndi mawailesi. Ena anali a Supersonic opangidwa ku Bulawayo, ena a ku Japan monga Sansui, Pioneer, Kenwood ndi National Panasonic, olemera ngati thumba la mchere, okhala ndi galasi lowala kutsogolo ndi timawilo tosalala tosakira masiteshoni. Ambiri ali m'makabati lero, atafunditsidwa kansalu koluka. Wina akafuna kuwayatsa kuti amve MBC kapena Tuntufye, amang'ung'uza, kapena fyuzi imaphulika nthawi yomweyo, n'kuwabwezera m'kabati.

Mawailesi a mabatire okha alibe matenda amenewa. Ija ankaitcha Saucepan Special, imene inafika mu 1949 kuti anthu azimvera siteshoni ya ku Lusaka, komanso mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre amene makolo athu ankayenda nawo kumunda, akamalira ndi mabatire sang'ung'uza chotere. Chifukwa chake ndiye chiyambi cha nkhani yonse. Batire limatulutsa magetsi oyenda mbali imodzi mosadukiza, amene pa sayansi timawatcha DC. Magetsi a ESCOM ndi ena. Iwo ndi AC, a mavolti 230, ndipo amapita uku n'kubwerera uku maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Mathiransisita a mu ampulifaya sangagwire ntchito ndi magetsi obwererabwerera chotero. Amafuna osalala ngati a batire. Choncho m'wailesi iliyonse yolumikiza ku soketi muli chigawo chimene ntchito yake n'kusandutsa magetsi a ESCOM kuti afanane ndi a batire.

M'zipangizo zakale chigawochi chili ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi thiransifoma, chitsulo chija chimene chimachititsa kuti wailesi ikhale yolemera. Imatsitsa mavolti kuchoka pa 230 kufika, mwachitsanzo, pa 35. Akatuluka mmenemo amakumana ndi madayodi anayi, amene amalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha ndipo amatembenuza theka lobwerera lija kuti nalonso lizilowera kutsogolo. Apa magetsi ayamba kuyenda mbali imodzi, koma akuyenda modumphadumpha: amakwera, kutsika mpaka pa ziro, kukweranso, maulendo 100 pa sekondi.

Aliyense amene anatungapo madzi pamjigo anaziona zimenezi ndi maso. Mukamapopa, madzi satuluka mofanana. Amabwera ndi mphamvu mukatsitsa chogwirira, n'kuchepa mukamachikweza. Koma mutaika chidebe chachikulu pansi pa mpopi n'kuchiboola kabowo m'munsi, madzi otuluka pakabowoko adzayenderera bwinobwino ngakhale olowa pamwamba akubwera modukiza. Kapasita yaikulu ndiyo chidebecho. Imadzaza magetsi akakwera, n'kumapereka amene yasunga pa kanthawi kamene atsika. Chidebe chikachepa kapena chikang'aluka, kudukiza kwa mjigo kumaonekera pakabowo. M'wailesi kudukizako kumakafika ku sipika, ndipo khutu limamva kung'ung'uza.

Oimba besi angatithandize pano kuposa amisiri. Kunjenjemera kwa maulendo 100 pa sekondi kuli pafupi kwambiri ndi G wa m'munsi amene besi wabwino amafikapo bwinobwino, chifukwa G ameneyo ali pa 98. Ngati kung'ung'uza kwa ampulifaya mungathe kukutsanzira ndi kukhosi, mwayi ndi waukulu kuti kukuchokera ku makapasita. Kukakhala kwapansi kwambiri, kwa maulendo 50, kumene ngakhale besi wa kwaya sangakufike, kawirikawiri kumakhala kukulowera pa waya wa maikolofoni woduka mkati kapena wodutsa pafupi ndi waya wa magetsi, kapenanso dayodi imodzi yafa.

Mkati mwa kachitinika mulibe zodabwitsa. Muli timapepala tiwiri tatitali ta aluminiyamu, topyapyala ngati ta m'paketi ya tiyi, ndipo pakati pake pali pepala lonyowetsedwa ndi madzi a mankhwala. Zonsezi amazikulunga ngati mkeka, n'kuzilowetsa m'chitini, n'kutseka kukamwa ndi labala. Pa kapepala kamodzi ka aluminiyamu pamakhala kakhungu kopyapyala koposa, kosaoneka ndi maso, kamene sikalola magetsi kudutsa. Magetsi amaunjikana mbali ziwiri za kakhungu kameneka, ndipo kupyapyala kwake ndi kumene kumalola kachitini kakang'ono kusunga magetsi ochuluka. Nzeru yosunga magetsi motere ndi yakale ndithu. Cha m'ma 1745 ndi 1746 Ewald von Kleist ku Germany ndi Pieter van Musschenbroek ku Leiden anachita zimenezi ndi botolo lagalasi lokhala ndi madzi, ndipo onse awiri anagwidwa ndi magetsi a m'botolomo. Muyeso wa kuchuluka kwa zimene kapasita ingasunge unatchedwa farad pokumbukira Michael Faraday. Farad imodzi ndi yaikulu zedi, n'chifukwa chake pa zitini timaona chizindikiro cha µF, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo miliyoni a farad.

Kufooka kwa kapasita yotereyi kuli pa madzi aja. Labala satseka kotheratu, ndipo chaka ndi chaka madziwo amauluka pang'onopang'ono mpaka pepala limauma. Kutentha ndi kumene kumafulumizitsa zimenezi, ndipo apa ife a m'mphepete mwa nyanja tili pa vuto kuposa anzathu a ku Mzuzu kapena ku Dedza.

Opanga makapasita amalemba pa chitini kutentha kumene ingapirire, kawirikawiri 85°C kapena 105°C, ndipo ambiri amalonjeza maola 2,000 pa kutentha kumeneko. Maola 2,000 ndi ochepa, sakwana ndi miyezi itatu yomwe, koma pali lamulo limene amisiri amagwiritsa ntchito: kutentha kukatsika ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umawirikiza kawiri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kapasita ya 85°C ikamagwira ntchito pa 75°C ikhala maola 4,000, pa 65°C maola 8,000, pa 55°C maola 16,000, pa 45°C maola 32,000. Wailesi yoyatsidwa maola anayi patsiku imadya maola 1,460 pachaka, ndiye kuti maola 32,000 ndi zaka pafupifupi 22, pomwe 16,000 ndi zaka 11 zokha. Kusiyana konseku kwabwera ndi madigiri khumi. Tsono taganizani za ampulifaya ili m'tchalitchi cha malata opanda siling'i mu Okutobala ku Karonga, yaikidwa m'kabokosi kathabwa kokhoma kuopa akuba, pamwamba pake pali mulu wa mabuku a Khristu mu Nyimbo otseka timabowo totulukira mpweya. Madigiri khumi aja amapezeka mosavuta. Kapasita ya 105°C pa 45°C pomwepo masamu amapereka maola 128,000, ngakhale opangawo salonjeza zaka zopitirira 15 chifukwa labala naye amakalamba payekha. Wailesi ya m'ma 1970 yadutsa malire onsewa kalekale.

Kusayatsa nako sikupulumutsa. Kakhungu kaja kamadzikonza kokha pamene magetsi akudutsa, ndipo wailesi ikakhala zaka zambiri m'kabati kamafooka. Tsiku limene mdzukulu waitulutsa n'kuilumikiza ku soketi, magetsi amaboola kakhunguko, kapasita imatentha, ndipo fyuzi imaphulika ngati zinthu zayenda bwino. Zikapanda kuyenda bwino, makamaka ngati wina analowetsa kawaya kapena pepala la siliva m'malo mwa fyuzi, imapsa ndi thiransifoma, imene kuipeza yofanana nayo masiku ano n'kovuta kwambiri.

Kuti tione kukula kwa vuto pali kasamu kena kosavuta, kamene mphunzitsi wa Physics angapereke kwa ana a Fomu 4. Kudumpha kwa mavolti kumene kumatsalira kumapezeka tikagawa mphamvu ya magetsi imene ampulifaya ikukoka ndi zotsatira za kuchulukitsa maulendo 100 aja ndi kukula kwa kapasita. Ampulifaya yokoka ampiya imodzi pa kapasita ya 10,000µF imatsala ndi kudumpha kwa volti imodzi, kumene zigawo zina zimatha kukubisa. Kapasita yomweyo ikauma n'kutsala 2,000µF, kudumphako kumafika mavolti asanu. Ndipo poti mlaliki akakweza mawu ampulifaya imakoka magetsi ambiri, nthawi yomweyo ndi imene kudumpha kumakula, mawu n'kusasa. Anthu amaloza chala sipika kapena maikolofoni, pomwe zonsezo zilibe mlandu.

Tisanatsegule chilichonse, ndi bwino kutsimikiza kaye ndi makutu. Zulani maikolofoni ndi mawaya ena onse olowa, kutsale masipika okha, ndipo tsitsani voliyumu mpaka pansi. Kung'ung'uza kukapitirira mofanana, m'masipika onse awiri, kosasintha mukamakweza kapena kutsitsa voliyumu, ndiye kuti kukuchokera m'chigawo cha magetsi. Kukasowa mutazula maikolofoni, pitani mukakonze waya wa maikolofoni, makapasita asiyeni. Maampulifaya ambiri a m'matchalitchi, monga a Ahuja ochokera ku India, ali ndi malo olumikizira batire kumbuyo, ndipo amenewa amatipatsa umboni wina waulere: ngati pa batire ili zii koma pa ESCOM ikung'ung'uza, mawaya olowa onse ali ozula, wolakwa wadziwika.

Kutsegula chivundikiro ndi nkhani ina, ndipo pano tilankhule mosapita m'mbali. Kapasita imasunga magetsi ngakhale pulagi yazulidwa, nthawi zina kwa maola. Ya 10,000µF yodzaza pa mavolti 50 ikakhudzidwa ndi sikuludiraiva imathetheka mwamphamvu moti imatha kudya nsonga ya chitsulocho, ndipo mphete kapena wotchi yachitsulo ikagunda pamenepo imawotcha mnofu. M'maampulifaya aakulu mavolti a makapasita awiri akaphatikizana amapitirira 100. Choopsa koposa ndi mitundu iwiri ya zipangizo. Mawailesi akalekale a mavavu, aja okhala ndi timababu tofiira mkati, amasunga mavolti mazanamazana, ndipo ena mwa iwo chitsulo chonse cha mkati chimakhala cholumikizidwa ku magetsi a pasoketi. Zipangizo zatsopano zopepuka, zopanda thiransifoma yolemera, monga ma TV, madikoda ndi masipika a masiku ano, zili ndi kapasita imene imadzaza mavolti pafupifupi 325 kuchokera ku ESCOM mwachindunji. Zimenezo zimapha. Wophunzira kumene asaziyandikire popanda mmisiri pambali pake, ndipo ngakhale pa ampulifaya wamba, ulendo woyamba ukhale woonerera munthu amene anaiphunzira ntchitoyi. Boma lathu lili ndi sukulu za ntchito zamanja monga Miracle ndi Ngara, ndipo pa boma pali amisiri a mawailesi amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri. Nkhani ino cholinga chake n'chakuti msungichuma ndi mdikoni akamalankhula ndi mmisiri azidziwa chimene akulipirira.

Mmisiri wosamala amayamba wazula pulagi, kenako amakhuthula makapasita kudzera pa rezisita, osati pa sikuludiraiva. Rezisita ya ma ohm 1,000 yopirira mawati asanu ikalumikizidwa pa miyendo iwiri ya kapasita ya 10,000µF imakhala itaikhuthula pakatha mphindi imodzi. Akatero amayeza ndi mita kuti aone ngati mavolti afikadi pafupi ndi ziro, ndipo pokhapo amalowetsa dzanja.

Maso amaona zina. Kapasita yotupa pamwamba, kapena imene labala wake watuluka pansi, kapena yozunguliridwa ndi zoyera ngati mchere wouma, yatha basi. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimanamiza anthu. Mafakitale ambiri a ku Japan ankamata makapasita aakulu pa bolodi ndi guluu wachikasu, amene akakalamba amasanduka wabulauni kapena wakuda n'kumaoneka ngati zotuluka m'kapasita. Guluuyo si umboni wakuti kapasita yatayikira, komabe ayenera kupalidwa, chifukwa akada amayamba kudya miyendo ya tizipangizo toyandikana naye ndipo amatha kudutsitsa magetsi. Komanso kapasita imatha kuuma kotheratu koma kunja ikuoneka ngati yatsopano. Mita zina zimayeza µF, koma pamafunika kumasula mwendo umodzi pa bolodi kuti muyeso ukhale woona. Amisiri ena ali ndi mita ya ESR, imene imaonetsa mmene mkati mwa kapasita mwaumira, ndipo imagwira zimene mita wamba imaphonya.

Pogula yatsopano pali manambala atatu oti awerengedwe pa chitini chakale. Mavolti akhale ofanana kapena oposerapo, osatsika ngakhale pang'ono. Pamene panali ya 50V, ya 63V ndi yabwino koposa, ndipo tili ndi chifukwa chathuchathu chonenera zimenezi. Mavolti 35 a AC akadutsa m'madayodi n'kudzaza kapasita safika 35 yokha. Amakwera kufika pafupifupi 48, chifukwa kapasita imadzaza mpaka pansonga ya funde, imene ili kamodzi ndi magawo anayi mwa khumi kuposa nambala yolembedwa. Pa kapasita ya 50V pangotsala mavolti awiri opumira. Tsono mawailesi ambiri a agogo anatcheredwa pa 220. Magetsi akabwera ali pa 240, monga zimachitikira nthawi zina akangoyaka atathima, 48 uja amasanduka 52. Mawailesi ambiri akale ali ndi kabatani kumbuyo kosankhira 110, 120, 220 kapena 240. Kaikidwe pa 240. Ndipo chipangizo cholembedwa 100V chokha, chopangidwira msika wa ku Japan, kapena 120V cha ku America, chisalumikizidwe ku soketi yathu popanda thiransifoma yotsitsa.

Nambala yachiwiri ndi µF. Ikhale yofanana kapena yoposerapo pang'ono: 6,800 ingalowe m'malo mwa 6,800, ndipo 8,200 ingalowenso. Pali chikhulupiriro pakati pa anyamata a zoimbira chakuti ukaika kapasita yaikulu kawiri kapena katatu, besi imagunda kwambiri. Ife sitikugwirizana nacho. Kapasita yopanda kanthu pa nthawi yoyatsa imameza magetsi ngati ng'ombe yaludzu, ndipo ikakula kwambiri madayodi, swichi ndi fyuzi zimene anazipangira yaing'ono zimalandira katundu woposa msinkhu wake tsiku lililonse. Amene anapanga Pioneer SX-1980 mu 1978 anaikamo makapasita anayi a 22,000µF, koma anaikamonso thiransifoma ndi zotetezera zolingana nawo, mpaka wailesiyo inkalemera makilogalamu pafupifupi 35. Ampulifaya ya tchalitchi chathu si imeneyo. Nambala yachitatu ndi ya kutentha, ndipo pa zimene tawerengera pamwambapa, wa ku Karonga asankhe ya 105°C paliponse pamene ingapezeke.

Musadabwe yatsopano ikakhala yaing'ono kuposa yakale ngakhale manambala ali ofanana. Luso lopanga linapita patsogolo. Vuto limangokhala lakuti chomangira chakale chimakhala chachikulu, ndipo pamafunika kukulunga kapasita ndi labala kuti igwire, kapena kugula ya mavolti okwererapo imene kukula kwake kukufanana ndi yakale. Isasiyidwe ikulendewera pa miyendo yake, chifukwa ampulifaya ya mpingo imayenda pa njinga ndi pa lole kupita ku misonkhano ya misasa, ndipo miyendoyo idzathyoka m'njira.

Chimene chiyenera kukudabwitsani ndi kupepuka. Pamsika pali makapasita achinyengo olembedwa mayina a makampani odziwika monga Nichicon, Rubycon, Elna ndi Nippon Chemi-Con, koma mukawang'amba mupeza kakapasita kakang'ono kobisidwa m'chitini chachikulu. Amalowa kulikonse, kaya katundu wadzera ku Songwe kaya ku Mwanza. Chitini chachikulu chopepuka ngati chopanda kanthu, zilembo zofufutika ndi chala, mtengo wotsika modabwitsa, zonsezi ndi zochenjeza. Njira yabwino n'kupita ndi mita kusitolo n'kuyeza musanalipire. Yolembedwa 10,000µF iyenera kuonetsa pakati pa 8,000 ndi 12,000. Ena amazula makapasita m'makompyuta akufa, ndipo pa umphawi wathu sitingawadzudzule, koma adziwe kuti zipangizo zambiri zopangidwa pakati pa 1999 ndi 2007 zinali ndi makapasita a madzi osapangidwa bwino amene ankatupa pakangopita zaka zochepa. Kuchotsa yokalamba n'kuikapo yodwala n'kungotaya mtovu.

Pa kulumikiza penipenipo pali msampha umodzi umene wagwetsa anthu ambiri. Makapasita amenewa ali ndi mwendo wa + ndi wa −, ndipo mzera wotuwa m'mbali mwa chitini umaloza wa −. Ikalumikizidwa chozondoka imatentha m'masekondi ochepa n'kuphulika, mapepala ndi madzi a mankhwala n'kumwazikira kumaso. Munthu amene anazolowera batire la galimoto amaganiza kuti mwendo wa − nthawi zonse umapita ku chitsulo cha bokosi. M'maampulifaya ambiri sizili choncho. Makapasita aakulu amakhala awiri chifukwa ampulifaya imafuna magetsi a mbali ziwiri, mwachitsanzo +48 ndi −48, kuti izitha kukankha sipika kutsogolo ndi kuikokera kumbuyo. Pa kapasita yoyamba mwendo wa − ndi umene umapita ku chitsulo, koma pa yachiwiri ndi mwendo wa + umene umapitako. Wongodalira mutu amaika zonse mofanana, imodzi n'kukhala chozondoka. Mankhwala ake ndi osavuta: jambulani ndi foni musanamasule kanthu, lembani chizindikiro pa waya uliwonse ndi pa bolodi, ndipo sinthani imodzi n'kumaliza musanakhudze inzake. Zonse ziwiri zisinthidwe ngakhale yooneka yodwala ili imodzi, pakuti zinabadwa tsiku limodzi ndipo zamva kutentha kumodzi.

Miyendo ya makapasita aakulu imamwa kutentha kwambiri, ndiye chowotcherera chaching'ono cha mawati 25 chimangonyambita mtovu osausungunula. Chimafunika cha mawati 60 kapena kuposerapo, kuti ntchito ithe msanga njira za kopa za pa bolodi zisanamatuke. Powotcherera pabwino pamakhala posalala, ndipo mtovu umakumbatira mwendo wonse. Pakakhala potuwa ndi pa mabampu, pabwerezedwe.

Kuyatsa koyamba kusachitike molunjika ku soketi. Amisiri amagwiritsa ntchito babu lakale lija la kawaya mkati, la mawati 60 kapena 100, lolumikizidwa pa waya wamoyo kotero kuti magetsi onse opita ku ampulifaya ayambe adutsa m'babumo. Zonse zikakhala bwino, babu limawala kamodzi pamene makapasita akudzaza, kenako limazirala mpaka kutsala kofiira pang'ono kapena kuzimiratu. Likapitiriza kuwala kwambiri, pali cholakwika, ndipo babulo lamwa magetsi amene akanawotcha thiransifoma, thimitsani mufufuze. Mababu a LED ndi aja osunga magetsi sagwira ntchito imeneyi, ndiye amene akadali ndi babu lakale m'nyumba asalitaye. Njira yomweyi ndi imene iyenera kugwiritsidwa ntchito pa wailesi ya agogo imene yagona zaka m'kabati, musanasinthe n'chimodzi chomwe. Babu likazirala, masipika asalumikizidwebe. Yezani kaye ndi mita pa malo olumikizira masipika, voliyumu ili pansi: pa ampulifaya ya magetsi a mbali ziwiri payenera kuoneka DC yochepa kwambiri, yosapitirira mamilivolti 50 kapena kuposerapo pang'ono. Pakaoneka volti yathunthu kapena zingapo, pali thiransisita yodwala, ndipo sipika ikalumikizidwa ipsa. Ngakhale zonse zitayenda bwino, yambani ndi sipika yakale yosadandaulitsa.

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa mawailesi a m'ma 1970, ndipo ambiri a iwo akagula imodzi amasintha makapasita onse a madzi, makumi angapo, nthawi imodzi. Ali ndi zifukwa zawo, ndipo ali ndi ndalama ndi sitolo zodalirika. Kwa ife, kumene kapasita iliyonse yatsopano ingathe kukhala yachinyengo, kuzula makumi asanu a ku Japan amene mwina akadali ndi moyo n'kuikapo makumi asanu osadziwika kwawo si nzeru. Tiyambe ndi aakulu awiri aja, kenako ang'onoang'ono amene ali pafupi ndi zigawo zotentha, makamaka oyandikana ndi zitsulo za mapiko zoziziritsira mathiransisita, chifukwa amenewo ndiwo amauma msanga. Timakapasita tooneka ngati mphodza kapena ngati maswiti tilibe madzi mkati ndipo kawirikawiri sitikalamba. Chigawo chosakira masiteshoni, chija chili ndi timakoyilo ndi tizomangira topaka utoto, chisakhudzidwe konse. Anachitchera kufakitale ndi makina amene kuno sitingawapeze, ndipo mukangopotoza kamodzi, siteshoni ya FM imene imamveka bwino idzasowa.

Ntchito ikatha, mmisiri alembe tsiku ndi manambala a zimene waika pa kapepala n'kukamata mkati mwa chivundikiro, ndipo makapasita akale awapereke kwa msungichuma pamodzi ndi lisiti, kuti bodi ione ndi maso chimene chagulidwa. Fumbi, mphemvu ndi mazira a abuluzi zichotsedwe ndi kaburashi kouma. Kabokosi kokhoma kaja kabooledwe mabowo kumbuyo ndi pamwamba, ampulifaya ikhale ndi mpata wa chikhatho mbali zonse, ndipo mabuku a nyimbo apezeredwe shelefu yawo. Magetsi akathima pakati pa mapemphero, mdikoni azithimitsa swichi nthawi yomweyo, ndipo akabwera adikire mphindi ziwiri kapena zitatu asanayatsenso.